Kagalasi Kachitatu

"Anti, msokowu mumauwotcherera mukuthawa galu?"

Anafunsa choncho ndi Kapinki, atanyamula chitsulo changa m'mwamba ndi chopanira kuti kalasi yonse ione. Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Inenso ndinaseka, nanga n'kutani? Ukakhala wamkulu pakati pa ana umaseka nawo, ngakhale akuseka iwe amene.

Chitsulocho chinalidi chochititsa manyazi. Tinapatsidwa tizitsulo tiwiri tafulati kuti tilumikize ndi msoko umodzi wowongoka. Wanga unayamba bwino, kenako unasiya njira n'kukayenda m'mbali, kwinako n'kubowola chitsulo. Pamene pamafunika kugwirana panangotsala pali mpata woti n'kulowetsa chikhadabo.

Kapinki ndi mtsikana wa zaka 22. Dzinalo tinam'patsa chifukwa cha magolovesi ake apinki amene amawapukuta ngati nsapato za ukwati. Dzanja ali nalo, ndisamunamizire. Koma kamwa, abale, ndi lumo.

"Bweza chitsulo cha mwini wake," anatero mphunzitsi wathu ali pakhomo, mawu ali pansipansi. "Tsiku lako loyamba unamatiza rodi kutebulo mpaka tinachita kusadza ndi nyundo. Waiwala?"

Kuseka kunatembenukira kwa Kapinki. Iye anangokweza mapewa n'kuponya chitsulo changa patebulo, ngwe!

Mphunzitsi analowa m'kachipinda kanga n'kukoka katani. Pasukulu yathu aliyense amawotcherera m'kachipinda kakekake, kotchinga ndi katani wochindikala kuti kuwala kusapweteke maso a mnzako. Kuseri kwa katani ameneyo mwamunayu sanalinso "aphunzitsi". Anali munthu amene kwa miyezi inayi wakhala akundiperekeza kokwerera basi, kundinyamulira chikwama, n'kumandiuza kuti sanaonepo mkazi wamakani ngati ine, ndipo makaniwo ndi amene amam'gonetsa tulo tabwino. Anthu ankangoganizira, umboni analibe.

"Dzanja lako silinjenjemera," ananong'ona. "Ndakhala ndikuliyang'ana. Ndiye vuto lili pati? Kadziwe ukukaona?"

Kadziwe ndi kamalo kamene chitsulo chimasungunuka kunsonga kwa rodi, kandodo kowotcherera kaja. Wowotcherera aliyense amatsata kadziweko. Ukakaona, msoko umawongoka wokha.

"Ndikukaona," ndinatero.

Bodza. Chimene ndinkaona mkati mwa chipewa changa chowotcherera chinali chimpira cha kuwala chopanda malire, ngati nyali ya galimoto m'nkhungu.

Anatenga chipewacho. Anachotsa galasi loyera lakunja, lomwe linali litadzaza timadontho ta chitsulo, n'kuikapo latsopano. Ndinayesa, chimodzimodzi. Anasintha galasi lakuda, kuika losada kwambiri. Chimodzimodzi. Anakoka nyali n'kuibweretsa pafupi, anajambula mzere wa choko m'mbali mwa polumikizira kuti ndiziutsata, mpaka anandifunditsa kansalu kunkhongo kuti kuwala kwa pawindo kusalowe m'chipewa. Munthu anavutika, thukuta lili kamukamu. Msoko wanga unalowerabe kutchire.

"Kodi ukamawerenga, zilembo zing'onozing'ono umaziona bwinobwino?"

"Asa! Ukundiyesa gogo?" Ndinaseka mokweza kuposa mmene funsolo linkafunira.

"Ndangofunsa," anatero.

Tsopano ndikuuzeni chimene sindinamuuze iye. Ine ndili ndi zaka 46. Iye ali ndi 35, ndipo amadziwa kuti ndili ndi 36. Tsiku limene anandifunsa, titabisala mvula pakhonde la golosale, lilime linangodula khumi lokha osandifunsa. Mwamuna wanga wakale pochoka anandiuza kuti ndatha ngati makatani, n'kukatenga kamtsikana. Ndinalowa sukuluyi kuti ndidzatsegule kamalo kanga kopangira mageti ndi mawindo, za amuna ndinali nditatseka. Ndiye munthu woyamba kundiyang'ana ngati mkazi patatha zaka seveni, ndikanayambira pati kumuuza zoona? Mapepala anga enieni ali ku ofesi, aphunzitsi sawagwira. Thupi linandibisira bwino, ndine wochepa thupi, imvi ndimathana nazo ndi mankhwala. Maso okha ndi amene anakana kundithandiza bodzali.

Ndipo si zokhazo. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 24, amasoka zovala. Tsiku lina anandibweretsera kusukulu magolovesi amene ndinaiwala. Mphunzitsi atamuona anati, "Mukufanana bwanji! Ndi mng'ono wako?" Ndinagwedeza mutu kuvomera. Mwana wanga anali pomwepo, anandiona. Sananene kanthu tsikulo, ngakhale mawa lake, ngakhale mwezi wonsewo.

*

Madzulo a tsiku limene Kapinki anandiseka lija, ndikuanula zovala pachingwe, foni inalira m'thumba. Ndinaitambasulira kutali mkono wonse, khosi n'kulibweza m'mbuyo, mpaka zilembo zitaima malo amodzi. Unali uthenga wa mphunzitsi.

"Amayi akubwera Lachisanu masana, akufuna akuone. Usaope, sadya anthu."

Ndisanapume unalowa uthenga wina: "Amangoluma pang'ono."

Ndinaseka pang'ono chabe. Za mayi akewo ndinkazidziwa. Iye ndi mwana mmodzi yekha wamwamuna, ndipo mayiwo akufuna zidzukulu lero ndi lero. Panali mkazi wina amene mayiwo anam'kana kale chifukwa anali ndi mwana. Komanso mayi ake a Kapinki ndi mnzawo wa ponda apa m'pondepo, amaimba kwaya imodzi. Kapinki sanabwerere zowotcherera zokha pasukulu paja. Zimenezo ngakhale ine wa maso oipa ndinkaziona.

"Amayi, mkono ukuchepa," anatero mwana wanga ali pakhonde, akusomola ulusi pa diresi ya kasitomala. "Ndikubwerekeni wanga mulumikize?"

"Samala kamwa iwe."

"Magalasi ndinakugulirani aja ali m'dirowa chaka chathunthu. Akufungatira mazira?"

"Ndivale zimene zija kusukulu? Zachingwe m'khosi zija? Ukangokweza chipewa aliyense wakuona."

"Akuoneni, nanga n'zakuba?"

Ndinapitiriza kupinda malaya. Iye anaika diresi pambali.

"Ndawerengera," anatero. "Pa masamu anuwo, munandibereka muli ndi zaka 12."

"Iwe..."

"Sindikulimbana nanu. Munthuyo mumamukonda, ndaona, masiku ano mumaimba mukamatsuka mbale. Koma ndikufunseni: iyeyo amakonda ndani? Inuyo, kapena uja wa zaka 36 wopanda mwana?"

Bola akananditukwana. Bambo ake atachoka, mwana ameneyu ndi amene ankandipukuta misozi, ali ndi zaka 17 zokha, n'kumandiumiriza kudya. Ndiye lero ndinkalephera kumuyang'ana m'maso. Ndinanyamula beseni la zovala n'kulowa m'nyumba, ati ndikukasita.

*

Lachiwiri ndinafika ndi mtima umodzi: lero msoko uwongoka, zivute zitani.

Ndikupanira waya wa makina kutebulo, ndinamva kuseka m'kachipinda koyandikana. Katani anali wosatseka bwino. Mphunzitsi anaima kumbuyo kwa Kapinki, dzanja lake lili pamwamba pa golovesi yapinki, akumuonetsa kuwotcherera chokwera. Ndi mmene amaphunzitsira aliyense, anyamata omwe, ndikudziwa. Koma anyamata satsamira m'mbuyo choncho, ndipo sanena kuti "Aphunzitsi, musandisiye, ndikuopa" ndi timawu ta mwana wa mphaka. Kuopa chiyani munthu woti amawotcherera kuposa tonse?

Ndinapsa mtima, osati masewera. Ndinakoka katani wanga n'kuchita chinthu chimene amatiletsa tsiku loyamba lenileni, chimene chinalembedwa ndi zilembo zofiira pakhoma. Ndinakweza chipewa pang'ono kuti ndisuzumire pansi pake ndi maso osaphimba, ndione pomwe rodi ikugunda, kenako ndichigwetse msanga. Ndinkadziyesa wachangu. Ng'aniii, m'maso! Ndinaphethira, timadontho tobiriwira tikuvina patsogolo panga, n'kuyesanso. Kachiwiri, kachitatu, sindikudziwa kangati. Msoko unayamba pamalo pake, inde, koma pofika pakati unakhotabe.

Poweruka maso anali atayamba kuyabwa, misozi ikulengeza. Ndinadutsa mphunzitsi pakhomo osamuyang'ana. Anandiitana, ine osacheuka.

M'mawa wa Lachitatu ndinadzuka ndikukuwa. Mayo ine! Zinali ngati wina wandithira mchenga wotentha m'maso n'kumautikita ndi chala. Kutsegula, ululu, kutseka, ululu. Mwana wanga anandigwira dzanja mpaka kuchipatala, kumene anandipatsa mankhwala odontheza n'kundiuza kuti ndikhale m'chipinda chamdima masiku awiri. Namwino anafunsa kuti, "Mayi, sanakuphunzitseni kuti moto umenewu sauyang'ana?" Ndinati chipewa chinavuka chokha.

Ndili chigonere, kansalu konyowa kali kumaso, foni inali pa kalikiliki kulira.

"Ndiwerenge?" anafunsa mwana wanga.

Ndikanatani? Anawerenga ndi mawu ouma ngati akulengeza mwambo wa maliro. "Wokondedwa, uli kuti? Kalasi ikuoneka ngati mulibe anthu. Mtima wanga..." Anatsokomola. "Pali timitima titatu apa. Ndiwerengenso timeneti?"

"Dumpha!"

"Wina uwu. Kapinki akuuza anthu kuti dzulo unachoka ukulira chifukwa cha nsanje, ndiuze kuti si zoona. Wina. Kapena unasuzumira pansi pa chipewa? Ndayang'ana chitsulo chako. Ndiyankhe."

"Muuze kuti ndi chimfine."

Kenako ndinamva zala zikugogoda pafoni.

"Ndalemba," anatero. "Amayi, mabodzawa muziwalemba penapake, mudzayamba kuwasokoneza."

Anatseka chitseko pang'onopang'ono. Ndinalira pansi pa kansalu kaja, ndipo kulirako kunkawawitsa maso kwambiri, koma sindinathe kusiya.

*

Lachinayi masana mphunzitsi anaimba. Ndinayankha ndekha, poyankhira foni ndimapadziwa ndi chala.

"Chimfine chili bwanji?"

"Chikupola."

"Chodabwitsa, sukutsokomola."

"Waimba kuti undipime? Pita ukagwire manja a Kapinki, akuopa ali yekhayekha."

Anaseka kumene, munthu wopanda chisoni. "Ndiye nsanje ija ndi yoona?"

"Nsanje ya chiyani? Ndi mwana, ndi wokongola, maso ake ndi abwino, mayi ako amamufuna. Ukudikiranji?"

"Maso ake ndi abwino," anabwereza mawu anga mmodzimmodzi. "Ine sindinanene za maso."

Ndinadziluma lilime.

"Tamvera, wamakani iwe. Zimene unachita zija ukapitiriza udzawononga maso osachiranso. Ngati pali chimene chikukuvuta, ndiuze. Ndine mphunzitsi wako ndisanakhale china chilichonse."

Mpata unali umenewo. Mtima unkati nena, nena pano pomwe sakukuona nkhope. Koma ndinati netiweki ikuvuta, sindikumumva, n'kudula foni.

*

Lachisanu maso anali atatsegukako, ofiirabe, oopa dzuwa. Mwana wanga anandiperekeza mpaka pageti la sukulu, nati adzanditenga masana. Ndinamuuza kuti asavutike, ndibwerera ndekha.

"Kuti mukagundidwe ndi galimoto?" anatero, n'kumapita.

Nditangolowa, Kapinki anandithamangira n'kundikumbatira anthu akuona. "Anti, pepani! Maso afiira chonchi? Musamalire choncho, amuna ndi ambiri."

Mphunzitsi anandiyang'ana kamodzi kokha, nthawi yaitali. Kenako anaomba m'manja.

"Lero tisanayatse makina, bwerani kuno nonse ndi zipewa zanu."

Patebulo panali kabokosi kamatabwa. Mkati munali timagalasi toyera tamakona anayi, tondandalikidwa m'timipata.

"Awa ndi magalasi okulitsa," anatero. "Amalowa mkati mwa chipewa, kuseri kwa galasi lakuda, wakunja sangawaone. Amisiri ambiri amene mumawasirira ali nawo, sanena chabe. Ena asiya ntchitoyi poganiza kuti dzanja lawo ndi loipa, chonsecho samaona. Aliyense ayesa, palibe wozemba. Tiyambira kofooka aka, tizikwera."

Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti kabokosi kameneka kabwerera ine. Anthu khumi ndi awiri anafola pamzere kuti munthu mmodzi asachite manyazi. Ndinam'konda pamenepo mpaka pamtima kupweteka, ndipo ndinadzida chimodzimodzi.

Achinyamata ankangoika, kuseka kuti mutu ukuzungulira, n'kuchotsa. Bambo wina wadazi amene timamutcha Adalaivala, chifukwa kale ankayendetsa malole, anatsala ndi kagalasi kachiwiri, nati kamutsegula maso. Palibe anaseka.

Nthawi yanga itakwana, mphunzitsi analowa nane m'kachipinda. Koyamba: chimpira chija chinangochepa pang'ono. Kachiwiri: ndinayamba kuona malire ake. Ndinati basi, kakwana aka. Koma iye anatenga chitsulo changa, kuchiyang'ana, n'kupukusa mutu. Analowetsa kachitatu m'chipewa.

Ndinagwetsa chipewa, ndinakhudzitsa rodi.

Abale inu!

Kadziwe kanali apo. Kakang'ono, kozungulira, malire ake akuoneka bwinobwino, kakunjenjemera ngati dontho la mafuta pachiwaya. Ndinaona chitsulo cha kumanja ndi cha kumanzere zikusungunuka n'kukumana. Ndinaona nkhanambo yakuda ija imakuta msoko ikuyandama kumbuyo. Miyezi isanu ndakhala ndikugwedeza mutu anthu akamati kadziwe, kadziwe, osadziwa kuti n'kokongola chonchi. Dzanja linangotsata lokha. Nditafika kumapeto ndinagogoda ndi kanyundo, nkhanambo inasendeka yonse kamodzi, pansi pake pali msoko wowongoka, timizere take tofanana ngati tsitsi lolukidwa ndi katswiri.

Ndinakuwa. Ndinaiwala zaka, ndinaiwala zonse, ndinatuluka nacho chitsulocho chili m'mwamba. Anzanga anaomba m'manja, Adalaivala anaimba mluzu.

"Anti atenga kachingati?" anafunsa Kapinki.

Anali ataima patebulo, atagwira chivindikiro cha kabokosi, akuwerenga kapepala komatidwa kunsi kwake. Ine kapepalako sindinakaone, ndikanakaona ndi chiyani?

"Kachitatu," wina anayankha.

"Kachitatu... dikirani." Chala chapinki chinayenda pamzere. "Koyamba, osakwana zaka 40. Kachiwiri, 40 mpaka 44. Kachitatu, 45 mpaka 50." Anakweza mutu, maso ali tong'o ngati wosalakwa. "Iii, Anti! Mwaposa Adalaivala, dazi lonseli? Si paja timamva kuti muli ndi 36?"

"Maso alibe chiphaso chobadwira," anatero mphunzitsi, akumulanda chivindikiro. "Kapepalako n'kongoyerekeza. Aliyense kumalo kwake."

Anthu anabalalika mwakachetechete, kukhala chete kuja kobisa kuseka. Ine ndinaima pomwepo ndi msoko wanga wokongola m'manja, nkhope ikutentha kuposa chitsulocho. Ndinalakalaka simenti itang'ambika ndilowe.

*

Poweruka ndinam'peza mphunzitsi m'chipinda chosungira zipangizo, akukoleka zipewa pamisomali. Ndinatseka chitseko n'kuchitsamira.

"Kapepala kaja sikananame," ndinatero. "Ndili ndi zaka 46."

Anapitiriza kukoleka.

"Ndipo mtsikana uja si mng'ono wanga. Ndi mwana wanga, wobereka ndekha. Ndinam'kana iye ali pomwepo. Nditukwane, ndithamangitse, chita chimene ukufuna, koma ine ndatopa."

Anatembenuka. Sanali wokwiya, ndipo zimenezo zinandiopsa kwambiri.

"Ndinadziwa kalekale," anatero. "Ndaphunzitsa anthu zaka khumi. Munthu akamabweza mutu m'mbuyo poyang'ana tepi yoyezera, ndimadziwa. Za mwanayo, akakuimbira pafoni pako pamalembedwa kuti Mwana Wanga, ndi zilembo zoti munthu angawerenge ali tsidya la msewu."

"Ndiye unangokhala chete? Kumandionerera ndikudzivula?"

"Ndinkadikira undiuze wekha." Anandigwira manja onse awiri. "Ndimakukonda iweyo, wa 46 yemweyu. Zaka sitidya."

Ndinalira ngati mwana, mamina ndi omwe, pa ovolosi yake. Chimwala cha miyezi inayi chinachoka pamtima. Ndinali nditayamba kale kuganiza mmene ndikamuuzire mwana wanga, mmene ndikam'gwirire mwendo kupepesa, mmene ndikatulutsire magalasi aja m'dirowa iye akuona.

Foni yake inalira. Anayang'ana, nkhope n'kusintha.

"Afika. Ali pageti." Anabweza foni m'thumba. "Tamvera. Amayi ndinawauza kuti uli ndi 36, ndipo ulibe mwana. Ndinanena choncho ndikudziwa kale zoona. Lero lokha, tisiye choncho."

Ndinabweza manja anga.

"Wati chiyani?"

"Lero lokha. Akuzolowere kaye, akukonde, kenako tidzawauza pang'onopang'ono. Akamva lero akomoka pageti pomwepo, ndipo mawa m'mawa adzakhala ali pakhomo pa mayi ake a Kapinki."

"Kapinkiyo sakawauza?"

"Ali ndi kapepala chabe, ndithana naye. Chonde. Sindikufuna kukutaya."

Sankandiyang'ana kumaso. Munthu amene wangonena kumene kuti zaka sitidya ankayang'ana nsapato zake. Manyazi amenewo ndinawazindikira, nanga si ndi omwewo ndakhala ndikugona nawo ine? Koma ake anali ochita nawo ine.

Ndikanakana pomwepo. Ndikanati ayi, m'bale wanga, ndatuluka kumene m'dzenjemo, sindibwereramonso. Koma ndinapukuta m'maso, ndinavula ovolosi, ndinakonza tsitsi, n'kumutsatira.

*

Mayi ake anali ataima pamthunzi wa geti, ambulera ili m'dzanja, chikwama chili m'khwapa. Mayi owongoka bwino, a maso akuthwa. Ndipo pambali pawo, atawanyamulira kathumba, akucheza nawo ngati odziwana kale, panali mwana wanga. Anali atabwera kudzanditenga monga ananenera.

"Amayi, uyu ndi amene ndinkakuuzani uja," anatero mphunzitsi.

Ndinapereka moni. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kuima pa maso anga ofiira.

"Mwatani m'masomo?"

"Ndi moto wa kuntchito, mayi."

"Oho." Anatembenukira kwa mwana wanga. "Mtsikana uyu wandithandiza kuwoloka msewu, waulemu kwambiri. Akuti akudikira wa kwawo. Komatu mukufanana. Ndi ndani wanu?"

Funso linali langa. Mphunzitsi anandiyang'ana, maso akupempha. Mwana wanga anandiyang'ananso, iye osapempha kanthu, kungodikira. Mawu oti "mwana wanga" anali pakamwa penipeni, mawu awiri okha, omwe ndawanena monyadira kwa zaka 24, kuchipatala, kusukulu, kulikonse. Ndinatsegula pakamwa. Panatuluka mpweya wokha.

Ndinaona nkhope ya mwana wanga ikugwa pang'onopang'ono, kenako ikuuma.

"Ndine mng'ono wawo," anatero iye, akumwetulira mayi aja.

"Ndimanenatu ine!" anatero mayiwo, nkhope yonse itamasuka. Anam'gwira dzanja osalisiya. "Nanga iwe uli ndi zaka zingati? Unakwatiwa?" Anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ananso mtsikanayo. "Lamlungu mubwere kunyumba nonse awiri. Makamaka iweyo, usalephere."

Mwana wanga anavomera mwaulemu. Kenako anatembenuka n'kunditengera chikwama monga amachitira masiku onse, koma osandiyang'ana.

"Tiyeni, achemwali," anatero. "Basi itisiya."